Msuzi Wokha Sukwanira: Ndiwo za Masamba M'mbale ya Mwana

Amayi, mwachita bwino kubwera ndi mwana wanu ku sikelo lero. Pamene mukudikira kuti mwanayo akwezedwe pa sikelo ndi kulembedwa m'kabuku kake, taganizani za chakudya cha dzulo madzulo. Munaphika nsima, munaphikanso ndiwo, kaya mpiru, kaya nkhwani wotendera. Mwana wanu wa chaka chimodzi anakhala pamiyendo panu. Munatema kambamu ka nsima, nkukasunsa mu msuzi, nkumupatsa. Anadya timbamu tingapo, nakhuta, nagona. Tsono funso lathu ndi ili: kodi mwanayo anadya ndiwo?

Yankho lake nlakuti sanadye. Ananyambita msuzi chabe, ndipo masamba enieniwo anadya ndi akuluakulu. M'nyumba zambiri kuno ku Makata, ngakhalenso ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, ndiwo za masamba zimaphikidwa pafupifupi tsiku lililonse, koma mwana wamng'ono, yemwe thupi lake likuzifuna koposa onse, ndiye amene sazilawa.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI NJAIKULU

Kafukufuku wa zaumoyo amene boma linachita m'dziko lonse lino m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse osapitirira zaka zisanu, ana 37 anali opinimbira, ndiko kunena kuti msinkhu wao unali wochepa poyerekeza ndi zaka zao. Mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka zaka zisanu, ana 63 anali ndi magazi ochepa m'thupi. Ndipo mwa ana anayi aliwonse a miyezi 6 mpaka 23, mmodzi yekha ndiye ankalandira zakudya zamitundumitundu zokwanira. Zifukwa zake nzambiri. Malungo, njoka za m'mimba ndi kutsegula m'mimba kawirikawiri zili m'gulu lomwelo. Koma chimodzi mwa zifukwazo chili m'manja mwanu, ndicho chimene chimalowa m'mbale ya mwana.

M'mera mpoyamba. Kupinimbira kumayamba mwana akali m'mimba kufikira atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo nthawi imeneyi ikapita nkovuta kubweza chimene chatayika. Mwana wopinimbira sakhala wamfupi chabe ai. Amadwaladwala, ndipo kawirikawiri amavutikanso ndi maphunziro akayamba sukulu.

Amayi athu anaphunzitsidwa magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zomanga thupi ndi zoteteza ku matenda. Masiku ano Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zakudya zokhutitsa, za nyama, za nyemba, za masamba, zipatso ndi za mafuta. Mwa magulu onsewa, la masamba ndilo lopezeka mosavuta ndiponso lotsika mtengo. Nchomvetsa chisoni kuti lomwelo ndilo limene mwana amamanidwa.

KODI M'MASAMBA MULI CHIYANI?

Masamba obiriwira kwambiri ali ndi chinthu chimene thupi limasandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amasunga maso, khungu ndi njira zopumira, ndipo amathandiza mwana kulimbana ndi chikuku ndi kutsegula m'mimba. Pa nkhani iyi dziko lathu lapita patsogolo ndithu. M'chaka cha 2001 ana ang'onoang'ono 59 mwa 100 ankasowa vitamini A m'thupi, koma pofika 2016 anatsala pafupifupi 4 okha mwa 100. Kadontho kamene mwana amalandira kuno ku sikelo miyezi 6 iliyonse kanathandiza, pamodzi ndi vitamini A woikidwa mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Musaleke kubwera kudzalandira kadonthoko. Koma musaganize kuti kalowa m'malo mwa ndiwo, pakuti m'masamba mulinso ayironi wopanga magazi, vitamini C, ndi zina zothandiza kuti mwana asadzimbidwe. Zimenezi thupi limazifuna tsiku ndi tsiku.

Posankha ndiwo, yang'anani mtundu wake. Tsamba likakhala lobiriwira kwambiri, ubwino wakenso ngwochuluka. Bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, denje, khwanya, chitambe, kholowa, chigwada ndi cham'mwamba zimaposa kabichi kutalitali. Ena a ife titabwera m'tauni tinayamba kuona ngati kabichi ndiye ndiwo ya ulemu, ndipo chisoso ncha kumudzi. Kumeneko nkudzinyenga. Mtima woyera wa kabichi uli ndi vitamini A wochepa zedi, ndipo masamba ake akunja obiriwirawo, amene ogulitsa amathothola nkutaya, ndiwo abwino koposa. Mpiru, repu, chayinizi ndi kamganje nzabwinonso, ndipo zimapezeka nyengo yozizira pamene nkhwani watha.

Zofiirira m'kati nazo zili ndi vitamini A: maungu, karoti, mapapaya, mango akupsa, ndi mbatata yofiira m'kati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira. Mukaipeza pa msika, gulaniko m'malo mwa mbatata yoyera.

KUGULA NDI KUTSUKA

Pitani ku msika wa Ndirande m'mawa ngati mungathe, masamba akali owirira. Masamba amene akhala padzuwa tsiku lonse mpaka kufota ataya kale vitamini C wambiri. Komabe ngati ndalama imapezeka madzulo, monga zimakhalira m'mabanja ambiri odalira geni kapena ganyu, gulani omwewo. Masamba ofota aposa kugona opanda masamba. Mukagula m'mawa koma mukuphika madzulo, akulungeni m'nsalu yonyowa nkuwaika pamthunzi.

Nthawi ya dzinja bonongwe ndi chisoso zimamera zokha paliponse. Tcherani, koma onani pamene mukutchera. Musatenge ndiwo zomera pafupi ndi chimbudzi, pa dzala, m'ngalande za madzi oipa, kapena m'mphepete mwa Nasolo ndi Mudi momwe mumathira zonyansa za m'tauni. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023.

Sambani m'manja ndi sopo musanayambe. Tsukani masamba asanadulidwe, m'beseni la madzi abwino, kawiri kapena katatu, kuti mchenga, mazira a njoka za m'mimba ndi mankhwala opopera m'dimba zichoke. Tikudziwa kuti madzi kuno ngogula ndipo ndowa iliyonse njowerengera, koma pamenepa si poumira. Mukatha kudula musawaviikenso m'madzi, chifukwa ubwino wake umatuluka podulidwapo nkutsalira m'beseni. Pa chifukwa chomwechi, masamba odulidwa kale pa msika si abwino kwenikweni, ngakhale amapeputsa ntchito.

KAPHIKIDWE

Apa ndi pamene pamatayika zambiri. Mayi akhoza kugula ndiwo zabwino, nazitsuka bwino, koma nkuzipha mu mphika. Zolakwa zake zimakhala zitatu: madzi ochuluka, moto wa nthawi yaitali, ndi soda.

Tiyeni tiphike nkhwani pamodzi. Sadzulani masamba, tsukani, dulani. Ikani pa mbaula madzi pang'ono, osapitirira theka la kapu pa mulu umodzi, ndipo dikirani awire musanaike masamba. Masamba oikidwa m'madzi ozizira amakhalitsa pamoto pachabe. Madzi akawira ikani nkhwani, pamwamba pake matimati, kenaka nsinjiro, ndi kamchere pang'ono kokhala ndi ayodini. Vundikirani. Pakapita mphindi zisanu takasani ndi mthiko kuti nsinjiro zilowerere, nkuvundikiranso mphindi zina zisanu kapena kuposerapo pang'ono kufikira nsinjiro zitapsa. Ndiwo zopsa bwino zimakhala zikali zobiriwira. Zikasanduka zakuda ngati fodya, dziwani kuti mwawononga makala ndi ndiwo zomwe. Ndipo phikani ndiwo za masamba pomalizira, nsima ili pafupi kupsa, kuti zisakhale pambali nthawi yaitali.

Madzi otsala mu mphika musataye. Muli vitamini wosungunuka kuchokera m'masamba. Enanu mumataya madzi oyamba a luni kapena a chisoso pofuna kuchotsa kuwawa. Njira yabwino nkutchera nsonga zanthete zokha, ndi kusakaniza ndi nkhwani kapena bonongwe, ndiye kutendera. Kuwawa kumachepa kokha.

Nanga soda ndi chidulo? Tikudziwa chifukwa chake mumazikonda: ndiwo zimafewa msanga, zimaoneka zobiriwira, ndipo makala sapita ambiri. Koma soda amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, kotero kuti mphika umaoneka bwino pamene m'kati mwatsala zochepa. Masamba anthete safuna soda. Ngati ali okhwima, aduleni mopyapyala kapena kuwasinja pang'ono mu mtondo. Therere ndilo lovuta, pakuti ambiri sakhulupirira kuti lingapse popanda soda. Yesani therere lobala lanthete, lodulidwa bwinobwino, ndipo matimati muike pomalizira. Ngati apabanja akana ndithu, chepetsani sodayo, ndipo tsiku limenelo mwana mumphikire tindiwo take tapadera.

Chigwada chokha chili ndi lamulo lake. Masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka posinja ndi powiritsa. Sinjani mpaka chifewe, ndipo muchiwiritse kosachepera theka la ola, mphika uli wosavundikira kuti poizoniyo atuluke ndi nthunzi. Chigwada chosapsa bwino musapatse munthu aliyense, makamaka mwana.

Chinthu china chimene ambiri sadziwa nchakuti vitamini A wa m'masamba salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Ndiwo zongowiritsa ndi mchere zimapereka zochepa. Sikuti mufunika mafuta ambiri ai: supuni imodzi yokha mu mphika, kapena nsinjiro, kapena peyala lodyera pamodzi. Amene anayamba kutendera ndiwo anatisiyira nzeru yaikulu. Koma mtedza wosinjawo muziusankha. Wofota, wobooka, wakuda kapena wachuku tayani, chifukwa chuku chimenechi chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene sachoka ngakhale muphike chotani. Nkwabwino kugula mtedza nkusinja nokha kusiyana ndi kugula nsinjiro zimene simunaone mtedza wake.

Ayironi wa m'masamba nayenso amafuna mnzake womuthandiza kulowa m'magazi. Mnzakeyo ndi vitamini C: matimati, madzi a ndimu ofinyira pa ndiwo zitapsa, gwafa, malambe, mango kapena papaya wodya pambuyo pa nsima. Tinsomba pang'ono timathandizanso. Tiyi ndiye mdani wake, chifukwa amatsekereza ayironi. Mwana wamng'ono safunika tiyi, ndipo inu amene muli oyembekezera kapena oyamwitsa, musamwe tiyi pamodzi ndi chakudya. Papite ola limodzi kapena awiri.

Masamba sayenera kukhala mu mphika waokha nthawi zonse. Tsiku la nyemba, ponyanimo khwanya kapena mpiru wodzaza dzanja nyembazo zili pafupi kupsa. Tsiku la usipa kapena bonya, chitani chimodzimodzi. Pokazinga dzira, yambani mwakazinga bonongwe ndi matimati, ndiye muswerepo dziralo: mazira awiri amakwanira anthu ambiri. Mu futali wa mbatata kapena wa maungu mukhoza kuikamo kholowa. Potero mbaula ndi imodzi, mphika ndi umodzi, makala ndi omwewo, koma banja ladya magulu atatu kapena anayi nthawi imodzi.

KUMPATSA MWANA

Kuyambira tsiku lobadwa kufikira miyezi 6, mwana ayamwe bere lokha. Asalandire madzi, phala kapena msuzi. Pa nthawi imeneyi amene ayenera kudya masamba ambiri ndinu mayi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu adye masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku, ndipo mwana wa zaka 2 mpaka 5 zosachepera magalamu 250.

Mwana akakwanitsa miyezi 6, yambani phala, uku akuyamwabe kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira. Phala likhale la mgaiwa, kapena la Likuni, limene mungathe kukonza nokha pogayitsa makapu anayi a chimanga pamodzi ndi kapu imodzi ya soya wokazinga. Likhale lolimbirako, loti silikuyenderera mukapendeketsa supuni. Phala lamadzimadzi limadzaza kamimba ka mwana ndi madzi. Tsono musanathire mchere m'ndiwo za banja, patulani masamba opsa okwana supuni imodzi, asinjeni kapena kuwapota mpaka asalale, nkuwasakaniza m'phalamo pamodzi ndi nsinjiro zophika kapena kasupuni kakang'ono ka mafuta. Phala lidzaoneka lobiriwira. Musadabwe nalo, ndi m'mene liyenera kuonekera. Tsiku lina ikanimo dzungu lopota, tsiku lina mbatata yofiira, tsiku lina ufa wa usipa wosinja ndi kusefa.

Pa miyezi 6 mpaka 8 mwana adye kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyamba ndi masupuni awiri kapena atatu nkumaonjezera kufikira theka la kapu. Pa miyezi 9 mpaka 11 adye katatu kapena kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse, ndipo masamba akhoza kukhala odulidwa tinthu ting'onoting'ono m'malo mosinja. Akakwanitsa chaka adye chakudya cha banja, pafupifupi kapu yodzaza, ndi kachipatso pakati pa chakudya. Pamenepa ndi pamene tiyenera kusamala ndi kusunsa kuja. Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Muikemo nsima yofewa ndi ndiwo zenizeni, muzikanyire pamodzi, kuti mbamu iliyonse ilowe m'kamwa ndi masamba ake. Akamadya m'mbale imodzi ndi akulu ake, simungadziwe chimene wadya, ndipo wamng'ono sapambana pa liwiro la manja.

Alipo amene amati masamba amatsegula mwana m'mimba. Chimene chimatsegula m'mimba ndi tizilombo tochokera m'manja osasamba, m'madzi oipa, pa ntchentche, ndi m'chakudya chogona. Mukaona tizidutswa tobiriwira m'chimbudzi cha mwana, si matenda. Mungosinja kwambiri ulendo wina. Ndiwo zikakhala maola oposa awiri zitaphikidwa, zitenthetseni mpaka ziwire musanampatse mwana.

Mwana akalavula tsiku loyamba musanene kuti sakonda masamba. Lilime lake likuphunzira. Ana ambiri amafuna kulawa chinthu chatsopano kakhumi kapena kuposerapo asanachizolowere. Kuona maso a nkhono nkudekha. Yesaninso mawa, mumpatse pamene ali ndi njala, asanadye zotsekemera. Mudye inu iye akuona. Musamtseke mphuno kapena kumgoneka chagada pomkakamiza, chifukwa chakudya chingalowe m'njira ya mpweya. Ndipo ndalama ija imapita ku maswiti, mafirizesi ndi tizakudya ta m'mapaketi, imene imaoneka ngati yaing'ono, taiwerengani pa sabata yonse. Mudzapeza kuti ikanagula milu ingapo ya bonongwe.

Abambo ena akaona masamba masiku awiri otsatizana amafunsa kuti, “Kodi mwandiyesa kalulu?” Ana amamva mau otere, ndipo mawa nawonso amakankha mbale. Kapepala aka mukawawerengere abambo kunyumba. Mukawawerengerenso agogo kapena aliyense amene amatsala ndi mwana inu mukapita ku geni kapena ku ntchito ku mafakitale, pakuti wodyetsa mwana masana ndiye ayenera kudziwa zimenezi koposa.

MFUTSO NDI DIMBA LA M'THUMBA

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala masamba amasowa ndipo amakwera mtengo. Konzekeranitu mu Malichi ndi Epulo pamene nkhwani, khwanya ndi chitambe zili mbwee. Tsukani masamba, aviikeni m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo muwayanike pa lichero kapena pa mphasa yoyera, pamwamba, pamalo a mthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu limaumitsa msanga koma limawononga vitamini A, nchifukwa chake mfutso woyanika padenga la malata umatuwa. Ukauma mpaka kufumbutuka m'manja, usungeni m'chitini kapena m'botolo louma lotseka bwino. Wina muusinje ndi kusefa. Supuni imodzi ya ufa umenewu, yothira m'phala likali pamoto, ndi chithandizo chachikulu kwa mayi wochoka m'mamawa.

Mudzati kuno ku Makata nyumba nzothithikana, malo olima palibe. Nzoona. Koma thumba limodzi lakale lolemera makilogalamu 50 likadzaza limangofuna malo ngati a ndowa. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana, a nkhuku kapena a zinyalala za kukhitchini. Podzaza thumbalo, ikani mzere wa timiyala pakati kuyambira pansi mpaka pamwamba, kuti madzi azitsika bwino. Boolani mabowo m'mbali motalikirana ngati chikhatho chimodzi, nkuokeramo mbande za mpiru kapena repu, ndipo pamwamba mufese bonongwe kapena kubzala mphukira za mbatata. Liikeni pamene pamafika dzuwa theka la tsiku, potetezeka ku nkhuku. Thirirani ndi madzi amene mwatsukira ndiwo kapena mpunga, osati a sopo wambiri. Pakatha masabata anayi kapena asanu mudzayamba kutchera bonongwe. Mpiru muzithyola masamba akunja okha, mtima wake nkuusiya kuti uphukenso. Matumba awiri kapena atatu sangadyetse banja lonse, koma supuni ya masamba ya m'phala la mwana sidzasowa.

MUSANABWERENSO KU SIKELO

Tengani kapepala, kapena khala lolembera pakhoma. Tsiku lililonse limene mwana wadya masamba enieni, osati msuzi, lembani kamzere kamodzi. Mwezi wamawa mudzatiuze mizere ingati yakwana, ndi masiku amene munalephera, kaya chifukwa cha ndalama, kaya makala, kaya mwana anakana, kuti alangizi a zaumoyo ndi amayi anzanu athandizane nanu maganizo.

Koma musadikire tsiku la sikelo mukaona izi: mapazi onse awiri a mwana atupa, tsitsi lasanduka lofiirira ndi lopyapyala, zikhatho ndi m'kati mwa zikope mwayera, mwana akukana kuyamwa kapena kudya, kapena akupunthwa ndi kusaona bwino kukayamba mdima. Zimenezi sizichizika ndi ndiwo zokha. Pitani naye tsiku lomwelo ku chipatala cha Ndirande kapena china chimene muli nacho pafupi. Kumeneko adzamuyeza, ndipo ngati nkofunika adzampatsa chiponde kapena kumtumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Musaiwale kutenga kabuku kake.